Chombo chothamanga kuposa kuwala? Tiyambe tachiona

Pali kakanema kena komwe kamazungulira m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, kusowa miyezi ingapo, kenako n'kutulukiranso ngati katsopano. Kamaonetsa chombo choyera mbee chili pakati pa mikombero iwiri ikuluikulu, kwinaku mawu a munthu wosaoneka akulengeza kuti a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, apeza injini yothamanga kuposa kuwala, ndipo posachedwa anthu azikafika ku nyenyezi zina m'masabata awiri okha. Pansi pake anzathu amalembapo kuti "koma azungu ndi afiti", ena "dziko latha basi". Ine nkhaniyi sindiikhulupirira. Zatsopano ndimazikonda, koma umboni umene ulipo mpaka pano ukuikana nkhaniyi, ndipo umboniwo ndi wambiri kuposa momwe otumiza kakanemaka amaganizira.

Chondiseketsa n'chakuti ambiri okatumiza ndi anthu opita kusukulu, omwewo amene amawaseka agogo awo akamanena kuti mfiti imanyamuka kwa Tengani pa lichero n'kukatera ku Johannesburg usiku womwewo. Agogo amapanikizidwa ndi mafunso: "Munaliona ndi maso anu licherolo likuuluka? Limayendera mafuta anji?" Mafunso abwino ndithu. Koma kakanema sikafunsidwa kalikonse, poti kakuyankhula Chingerezi ndipo pakona pali chizindikiro cha NASA. Pomwe kunena zoona, lichero lotha usiku wonse panjira ya ku Johannesburg likuchedwa kuposa ndege zonyamuka pa Chileka. Zimene kakanemaka kakulonjeza n'zovuta kutalitali kuposa zimene agogo akunena.

Kuwala kumayenda makilomita 299,792 pa sekondi imodzi. Mvula ikamachita ching'aning'ani kumapiri a Thyolo, ife kuno kunsi timayamba taona kung'anima, kugunda n'kumabwera pambuyo, chifukwa phokoso limatha masekondi atatu pa kilomita imodzi pomwe kuwala kumafika ngati nthawi yomweyo. Mtunda wochokera pa Nsanje Boma kukafika ku Blantyre, wa makilomita pafupifupi 180, womwe minibasi imalimbana nawo maola ambirimbiri ikuima pa Bangula, pa Ngabu, pa Nchalo ndi pa Dyeratu isanayambe kukwera zitunda za Thabwa, kuwala kungaupite ndi kubwerera maulendo oposa 800 sekondi imodzi isanathe. Ndi liwiro lonselo, kuwala kwa dzuwa kumatha mphindi zisanu ndi zitatu kuti kudzatiotche kuno. Kwa nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri kupatula dzuwa, Proxima Centauri, kumatha zaka zinayi ndi miyezi pafupifupi itatu. Nyenyeziyo siioneka ndi maso, koma mnzake woyandikana naye, Alpha Centauri, timamuona bwinobwino tikagona panja: ndi imodzi mwa nyenyezi ziwiri zowala zimene zimaloza ku gulu looneka ngati mtanda chakumwera.

Nanga zombo zomwe anthu apanga zafika pati? Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977 ndipo n'chimene chapita kutali kuposa china chilichonse, chimayenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi. Chikanakhala kuti chalunjika ku Proxima Centauri, chikanatha zaka zoposa 70,000 chili panjira. Chothamangitsitsa ndi Parker Solar Probe, chomwe mu Disembala 2024 chinafika pa makilomita pafupifupi 692,000 pa ola, ndipo liwirolo chinalipeza chifukwa chokokedwa ndi dzuwa, osati ndi injini yake. Ngakhale pamenepo sichinakwanitse gawo limodzi mwa magawo 1,000 a liwiro la kuwala. Apa ndi pomwe taima, ndiye wina akudzatiuza kuti mtunda wotsalawo waudumpha usiku umodzi.

Wina anena kuti vuto ndi injini chabe, ikapezeka yamphamvu zitheka. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mu 1905 Albert Einstein anaonetsa kuti chinthu chilichonse cholemera chikamayandikira liwiro la kuwala, mphamvu yofunika kuti chiwonjezere liwiro pang'ono pokha imakwera mopanda malire. Tiyerekeze ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yochokera ku Nchalo. Kuti paketi imeneyi ithamange 90 peresenti ya liwiro la kuwala, ifunika magetsi onse opangidwa pa Kapichira, mamegawati pafupifupi 130, kwa zaka 28, makina onse akuzungulira usana ndi usiku, popanda namondwe wonga Ana kudzagumula damu monga zinachitikira mu Januwale 2022, komanso popanda mphamvu yotayika panjira. Kuti ifike pa 99 peresenti, ndi zaka zoposa 130. Pa 99.9 peresenti, zaka pafupifupi 470. Pa 99.99 peresenti, zaka zoposa 1,500. Masamu ake ndi oti wophunzira wa Fomu 4 wokhala ndi kakyuleta angawatsimikize yekha atapatsidwa njira yake. Zaka zikungochuluka, liwiro likungosendera pang'onopang'ono, ndipo pa 100 peresenti yeniyeni palibe nambala ya zaka yomwe ingakwane. Imeneyo ndi paketi imodzi ya shuga, osati chombo chokhala ndi anthu, madzi, chakudya ndi mpweya.

Izi si za pa bolodi pokha. Pafupi ndi mzinda wa Geneva, m'malire a Switzerland ndi France, bungwe la CERN lili ndi makina okwiriridwa pansi, ozungulira makilomita 27, omwe ntchito yake ndi kuthamangitsa tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa proton. Tizidutswato timafika pa 99.9999991 peresenti ya liwiro la kuwala, kutsala mamita pafupifupi atatu okha pa sekondi, liwiro loti wa kabaza amalipitirira osatuluka thukuta. Mu 2015 anawonjezera mphamvu ya makinawo ndi kupitirira theka poyerekeza ndi ya 2012. Liwiro la tizidutswa linangowonjezereka ndi mamita asanu pa sekondi, pa mamita pafupifupi 300 miliyoni. Akatswiri omanga makina otere amawerengera lamulo la Einstein poika maginito alionse, ndipo likanakhala lolakwika tizidutswato tikanamenya khoma tsiku loyamba lomwe.

Palinso vuto lina lomwe makanema saliyankhula, chifukwa silijambulika bwino. Malinga ndi lamulo lomweli, anthu awiri oyenda pa liwiro losiyana sagwirizana pa zoti zinthu ziwiri zotalikirana zachitika nthawi imodzi. Malinga ngati palibe choposa kuwala, kusagwirizanako sikuvulaza kanthu, chifukwa onse amavomerezanabe kuti choyambitsa chimatsogola ndipo zotsatira zimabwera pambuyo. Mukangolola kuti uthenga kapena chombo chipitirire kuwala, masamu omwewo amatsegula njira yoti yankho lifike funso lisanafunsidwe. Wonena kuti wapeza injini yoposa kuwala akunenanso, kaya akudziwa kaya sakudziwa, kuti wapeza njira yobwerera dzulo.

Ndikudziwa yankho lomwe limabwera msanga. Amati kale anthu ankanena kuti munthu sangauluke, koma abale awiri a Wright anauluka mu 1903. Ankanenanso kuti ndege singapose liwiro la phokoso, koma Chuck Yeager analipitirira mu 1947. Zoona zonsezo, ndipo asayansi si angelo. Koma taonani kusiyana kwake. Pomwe anthu ankakangana za kuuluka, akakowa ndi atsekwe anali akuuluka kale pamwamba pa madambo a Shire, ndiye funso silinali loti kaya chinthu cholemera chingauluke, koma loti ife tingatengere bwanji. Pomwe ankakangana za phokoso, zipolopolo za mfuti zinali zikulipitirira kale, ngakhalenso nsonga ya chikwapu cha woyendetsa ngolo, poti kulira kwake kuja ndi komweko. Chilengedwe chinali chitaonetsa kale kuti n'zotheka. Pa kuwala, anthu ayang'ana kumwamba ndi pansi kwa zaka zoposa 100, ayeza nyenyezi zophulika ndi tizidutswa togwa kuchokera m'mlengalenga ndi mphamvu yoposa ya makina a CERN, ndipo sanapezepo kanthu kamodzi konyamula katundu kapena uthenga komwe kakupitirira.

Foni yomwe kakanema kaja kafikirapo ndi mboni ina. Masetilaiti a GPS amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 ndipo amanyamula mawotchi olondola kwambiri. Chifukwa cha liwiro lawo komanso kutalikira kwawo ndi dziko, mawotchiwo amatsogola athu ndi magawo 38 a sekondi yogawidwa ka miliyoni tsiku lililonse, ndendende monga malamulo a Einstein amanenera. Kakuoneka kochepa, koma akanapanda kukakonza, malo osonyezedwa pa foni akanamasokonekera ndi makilomita pafupifupi 10 pa tsiku. Aliyense woyeza munda ndi GPS, kaya wa nzimbe ku Kasinthula kaya wa thonje ku Ngabu, akudalira lamulo lomwelo limene kakanemaka kakuti lathyoledwa.

Panali nthawi imodzi yomwe asayansi enieni, ambiri ndithu, anaganiza kuti mwina aona chinthu choposa kuwala, ndipo nkhani yake ndimaikonda kuposa zonse. Mu Seputembala 2011 gulu lotchedwa OPERA linalengeza kuti tizidutswa totchedwa neutrino, tomwe ankatitumiza kudutsa pansi pa nthaka kuchokera ku CERN kukafika ku Gran Sasso m'dziko la Italy, mtunda wa makilomita pafupifupi 730, tinkafika msanga kuposa momwe kuwala kukanafikira. Kusiyanako kunali magawo 60 a sekondi yogawidwa ka biliyoni. Manyuzipepala a dziko lonse analemba kuti Einstein wagwa. Koma eni ake sanatero. Iwo anati ayesa kufunafuna cholakwika kwa miyezi ndipo sakuchipeza, choncho akupempha anzawo awathandize kuchifuna. Sanagulitse masheya, sanajambulitse chombo.

Anzawo anayankhadi, ndipo yankho lina linachokera kumwamba kwathu kuno kumwera. Mu Febuluwale 1987 kunaoneka nyenyezi yophulika m'kamtambo ka nyenyezi kotchedwa Large Magellanic Cloud, komwe kamaoneka ngati utsi woyera usiku wopanda mwezi. Kuwala kwake kunali kutayenda zaka pafupifupi 168,000. Ma neutrino ochokera ku kuphulikako anafika maola pafupifupi atatu kuwala kusanaoneke, zomwe zimamveka chifukwa iwo amatuluka m'kati mwa nyenyezi mosavuta pomwe kuwala kumachedwa kubowola. Akanakhala othamanga monga OPERA inayezera, akanafika zaka pafupifupi zinayi kuwala kusanafike, osati maola atatu. Kenako mu Febuluwale 2012 a OPERA omwewo anapeza gwero: chingwe chonyamula uthenga wa nthawi kuchokera ku GPS kupita ku wotchi yawo sichinamangidwe bwino polumikizira, ndipo wotchi inanso inkathamanga pang'ono. Gulu lina pa malo omwewo, ICARUS, linayeza palokha n'kupeza kuti ma neutrino sakuposa kuwala. Mu Malichi chaka chomwecho mtsogoleri wa OPERA, Antonio Ereditato, anatula pansi udindo. Taganizani, gulu la akatswiri oposa 100, zipangizo za ndalama zankhaninkhani, n'kupusitsidwa ndi chingwe cholowa mwatheka. Nanga munthu mmodzi woyeza yekha m'galaja, amene sakufuna kuti wina ayandikire makina ake, tizimukhulupirira chifukwa chiyani?

Nkhani ya EmDrive inayenda njira yomweyo, kungoti inachedwa kufa. Injiniya wa ku Britain, Roger Shawyer, anapanga chitini cha kopa chotsekeka mbali zonse, chachikulu mbali imodzi, chomwe m'kati mwake amaponyamo mafunde onga a muchitofu cha microwave. Iye ankati chitinicho chimadzikankha chokha popanda kutaya kalikonse kumbuyo. Roketi iliyonse imapita kutsogolo chifukwa ikutaya mpweya wotentha kumbuyo, lamulo lomwe Isaac Newton analemba mu 1687. Chitini cha Shawyer sichinkanenedwa n'komwe kuti chimaposa kuwala, koma pofika 2015 masamba a pa intaneti anali atachisandutsa kale injini yopita ku nyenyezi. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu 2016 kagulu kakang'ono ka ku NASA kotchedwa Eagleworks, kotsogozedwa ndi Harold White, kanasindikiza zotsatira zoonetsa kukankha kochepetsetsa: powerengera, magetsi okwana kuyatsa ayironi yositira akanatulutsa mphamvu yofanana ndi kulemera kwa njere zowerengeka za mpunga. Kukankha kochepa chonchi kungachokere kulikonse. Martin Tajmar ndi anzake a pa yunivesite ya ku Dresden, ku Germany, anamanga chitini chawo n'kuyamba kuchotsa zosokoneza chimodzichimodzi. Mu 2018 anaona kuti mawaya onyamula magetsi ankakokana ndi maginito a dziko lapansi. Mu 2021 anaonetsa kuti kutentha kunkapinditsa sikelo yoyezera. Atatseka mipata imeneyi, kukankha kuja kunazimiririka. Nkhani yoti chitinicho chikugwira ntchito inafika mpaka m'mafoni a ku Makhanga, koma yoti chinalephera inathera m'magazini a akatswiri.

Tsopano ndifike pa mfundo yolimba kwambiri ya otsutsana nane, chifukwa ilipo ndipo si yopusa. Lamulo la 1905 limaletsa chinthu kuthamanga kuposa kuwala podutsa m'mlengalenga. Koma mu 1915 Einstein yemweyo anaonetsa kuti mlengalengamo, danga lenilenilo la pakati pa zinthu, limatha kupindika, kufutukuka ndi kukhwinyata. Milalang'amba yakutali kwambiri ikutalikirana nafe mofulumira kuposa kuwala, osati chifukwa ikuthamanga, koma chifukwa danga la pakati pathu likukula. Mu 1994 katswiri wa ku Mexico, Miguel Alcubierre, anafunsa kuti: bwanji titakhwinyatitsa danga la kutsogolo kwa chombo n'kufutukula la kumbuyo? Chombo chikhala chili phee m'kathumba kake, kathumbako n'kumasuntha. Masamu ake ndi olondola, ndipo ndi pepala lakelo lomwe makanema onsewa amatsamira.

Chomwe sanena n'chakuti masamu a Einstein amalola kuwayendetsa chobwerera. Mungathe kujambula mapindikidwe alionse a mlengalenga amene mukuwafuna, masamuwo n'kukuuzani mtundu wa katundu wofunika kuti mapindikidwewo achitike. Alcubierre atatero, yankho linatuluka loti pafunika katundu wokhala ndi mphamvu yochepera pa ziro, chinthu choti m'malo mokoka zinzake monga dziko limatikokera pansi, chimazikankha. Mwini wake analemba zimenezi poyera m'pepala lomwelo. Katundu wotere palibe amene anamugwirapo. Chomwe chilipo ndi kachizindikiro kochepetsetsa pakati pa timapaleti tiwiri tachitsulo toyandikana kwambiri, komwe Hendrik Casimir ananeneratu mu 1948, ndipo sikatapika kapena kusungika. Mu 1997 Michael Pfenning ndi Larry Ford anawerengera kuti chombo cha Alcubierre chingafune mphamvu yotereyi yochuluka kuposa kulemera kwa nyenyezi zonse zooneka kumwamba kuziphatikiza pamodzi. Ena pambuyo pake anasintha maonekedwe a kathumba kaja n'kutsitsa chiwerengerocho, mpaka Harold White uja ananena kuti makilogalamu pafupifupi 700 angakwane. Mitu ya nkhani inati vuto latha. Koma makilogalamu 700 a chinthu chomwe palibe ali nacho ngakhale galamu imodzi sikuti ali pafupi kuposa matani miliyoni.

Ngakhale katunduyo atapezeka mawa, mavuto ena akudikira. Kathumba kakapitirira liwiro la kuwala, wokhala m'kati sangatumize uthenga ku khoma lake lakutsogolo, ndiye kuti sangakhote ndiponso sangaime. Akatswiri a pa yunivesite ya Sydney anawerengeranso mu 2012 kuti fumbi ndi tizidutswa tomwe kathumbako kangakokolole panjira tingatuluke ndi mphamvu yoopsa pofika, n'kuotcha malo omwe alendowo akupitako. Mapepala ena atsopano akuyesa kuchotsa kufunika kwa mphamvu yochepera pa ziro, ndipo omwe akatswiri anzawo sanawatsutse kwambiri ndi onena za kathumba koyenda mochedwa kuposa kuwala. Ntchito imeneyi sindiinyoza. Imafuna choko, bolodi ndi kompyuta, ndipo pofufuza chifukwa chimene chinthu chikukanikira anthu amaphunzira zambiri za chilengedwe. Koma pepala la masamu si injini.

Nanga chombo choyera chija chinachokera kuti? Chinajambulidwa pa kompyuta ndi Mark Rademaker, wojambula zithunzi wa ku Netherlands, mogwirizana ndi White, ndipo chinafalikira mu 2014. Cholinga chinali kukopa achinyamata kuti akonde sayansi. Palibe chitsulo chimodzi chomwe chinadulidwa. Chithunzi chomwecho ndi chimene chakhala chikuzungulira zaka zonsezi, nthawi iliyonse ndi mawu atsopano akuti "angopeza kumene". Wokonza kakanemayo amalandira ndalama malinga ndi kuchuluka kwa oonera, inu n'kutsala ndi bandulo yotha.

Ife a m'chigwa muno tili ndi chifukwa chathuchathu chofunsira mafunso, ndipo chili pa Nsanje Boma m'mbali mwa Shire. Mu Okutobala 2010 kunachitika mwambo wotsegulira doko. Kunabwera Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi alendo ake, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Magule anavinidwa, zithunzi za mzinda wamakono zinaonetsedwa, anthu anayang'ana kumunsi kwa mtsinje kudikira sitima yonyamula feteleza. Sitimayo inali itagwidwa ku Mozambique, komwe boma linkati kafukufuku wa njira ya pamadziyo anali asanachitike. Konkire ilipobe mpaka lero. Sindikunena kuti ganizo la doko linali lamisala, chifukwa m'zaka za m'ma 1890 sitima za nthunzi zinkachokadi ku Chinde kudzera mu Zambezi n'kumaima pa Port Herald, yomwe ndi Nsanje ya lero, ndi pa Chiromo. Doko linali ndi mbiri yoti zinathekapo kale, komabe mwambo utatsogola kafukufuku n'kutsalira, tinatsala tikuyang'ana madzi. Chombo choposa kuwala chilibe ngakhale mbiri yoteroyo. Munthu amene anaima padzuwa tsiku limene lija sayenera kuphunzitsidwanso kuti chithunzi cha sitima ndi sitima n'zosiyana.

Mwina mukuti, nanga zikutikhudza chiyani ife, anthu olimbana ndi madzi osefukira, ng'amba ndi mitengo ya thonje? Zikutikhudza pawiri. Koyamba, chizolowezi chovomera chinthu chifukwa chanenedwa mokoma ndi munthu wooneka wophunzira n'chomwecho chimene chimatidyetsa kwa ogulitsa mankhwala ochiza matenda onse ndi kwa a timagulu tolonjeza kuchulukitsa ndalama pa sabata. Kachiwiri, ana athu. Mtsikana wa pa sekondale yoyendera ku Miseu Folo amene wakopeka ndi za kuthambo ndi chuma, ndipo yunivesite ya sayansi ya MUST ili pompa pamtunda ku Thyolo. Akadzazindikira kuti chomwe chinamukopa chinali chithunzi chopeka, angathe kutaya zonse pamodzi, n'kumati sayansi nayonso ndi nkhambakamwa. Aphunzitsi, mwana akabwera ndi kakanemaka m'kalasi musamukalipire. Mupatseni masamu a paketi ya shuga aja awerengere yekha, aone ndi maso ake pomwe nambala zikuthawira.

Zenizeni za m'mlengalenga zimatithandiza kale, kungoti sizivala zoyera. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, ndipo masetilaiti anamutsatira masiku 36 akuwoloka nyanja ya Indian, kumenya Madagascar, kulowa Mozambique kawiri, mpaka kudzatipeza mu Malichi. Setilaiti ya zanyengo yokhala pa makilomita 36,000 imatumiza uthenga wake pansi m'kachigawo kamodzi mwa zigawo zisanu ndi zitatu za sekondi. Pamenepo kuwala sikunatichedwetsepo. Pomwe uthenga umachedwa ndi pakati pa ofesi ya zanyengo ndi mudzi wa kutsidya kwa Shire, komwe netiweki imagwa mitengo ya magetsi ikagwa, wailesi ilibe mabatire, ndipo wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi akuyenda wapansi ndi chimkuzamawu m'matope. Mnyamata kapena mtsikana wofuna kulimbana ndi liwiro la uthenga ali ndi ntchito yomudikira pamenepo.

Zopita ku nyenyezi popanda kuthyola lamulo lililonse nazonso zimaganiziridwa. Mu 2016 Yuri Milner ndi Stephen Hawking analengeza ntchito yotchedwa Breakthrough Starshot, yofuna kukankha tizombo tolemera magalamu ochepa ndi kuwala kwa laser mpaka tifike pa 20 peresenti ya liwiro la kuwala, kuti tikafike ku Alpha Centauri m'zaka pafupifupi 20. Analonjeza madola 100 miliyoni oyambira kafukufuku. Masamu ake savuta, sipafunika katundu wosadziwika, komabe palibe kachombo kamene kananyamuka ulendowo. Ngati chololedwa ndi chilengedwe chikuvuta chonchi, choletsedwa ndiye chitheka ndi munthu wa pa YouTube?

Wondifunsa kuti ndingasinthe maganizo zitatani, yankho langa ndi lalifupi. Wopanga injiniyo alembe poyera momwe waipangira, kuti gulu lina losadya naye limodzi, monga la ku Dresden lija, limange yakeyake n'kupeza zofanana. Kenako aikweze m'mlengalenga, kutali ndi mawaya, kutentha ndi maginito a dziko, anene tsiku ndi ola lomwe aiyatse, ena ayeze. Zoyezera zilipo kale. Madishi akuluakulu a ku Goldstone, ku Madrid ndi ku Canberra amamvabe kawailesi ka Voyager 1 ka mawati pafupifupi 23, komwe uthenga wake umatha pafupifupi tsiku lathunthu panjira, ndipo amatha kudziwa chombo chikasintha liwiro ndi kachigawo ka milimita pa sekondi. Chombo chofika ku Mars uthenga wa wailesi wonena kuti chanyamuka usanafike sichingabisike kwa anthu amenewa, ngakhalenso kwa a ku China, ku India ndi ku Europe omwe ali ndi madishi awoawo ndipo alibe chifukwa chobisira NASA chinsinsi. Mpaka pano palibe amene wawabweretsera chombo choti ayeze.